Mwamuna ndi Kabudula, Amathera Moyenda

Pa miyambi yonse imene anthu a kwathu amatchula pofuna kulekanitsa mtima wa mwamuna ndi mtima wa mkazi, palibe umene umatuluka msanga pakamwa, kaya ndi pabwalo la milandu, kaya pamowa, kaya m'nyumba mmene ankhoswe akhala pansi kuti aluzanitse banja limene lagwedezeka, koposa uja wakuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, koma mkazi ndi chitenje, chimathera pakhomo. Amuna amaunena akumwetulira, pakuti apeza mboni yowaikira kumbuyo. Akazi amaunena akupukusa mutu, ndipo ena a iwo amaonjezapo kamawu kamene sitingathe kukalemba pano. Koma onsewo amaulandira monga chiweruzo cha kale lomwe, chimene Namalenga anachikhazika tsiku lija anaumba munthu, kotero kuti wokangana nacho akukangana ndi chilengedwe.

Tsono chimene chimandiimitsa ine pa mwambi umenewu ndicho zovala zake. Makolo athu a ku Mankhamba ndi ku Msinja sanavalepo kabudula. Iwo ankafunda chiwondo chosula kuchokera ku khungwa la mtengo, ndi zikopa za nyama, ndipo Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankaomba nsalu yawoyawo ya thonje. Kabudula anadza ndi msilikali, ndi mesenjala wa kuboma, ndi mwana wa sukulu ya mishoni; chitenje chamaluwamaluwa chinadza ndi sitolo ya Mandala ndi ya Mmwenye. Mwambi sungakhale wamkulu kuposa zovala zimene ukutchula, ndipo ngati zili tero, uwu sunabadwe m'masiku a Kalonga ayi, koma m'masiku omwe aja amuna a dziko lino anayamba kutheradi moyenda, ndi mapazi awo enieni, panjira ya ku Salisbury ndi ya ku Johannesburg, kumene anthu ankangoti ku Joni.

Koma tisathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Msewu wa kummwera usanatseguke, panali kale chikamwini, ndipo munthu amene afuna kudziwa chifukwa chake mwamuna wa Chichewa amaganiza mwina, mkazi wake naganiza mwina, ayenera kuyambira pamenepo. Mnyamata akakwatira ankasiya mudzi wa amake, nakamanga nyumba pakati pa anthu amene sanali ake, nalima munda umene apongozi amulozera, nabereka ana amene powerenga mbumba sankawerengedwa kwa iye koma kwa atsibweni awo, mlongo wa mkazi wake. Iye mwini anali nkhoswe ndithu, wolemekezeka, womveredwa, koma kwina, kumudzi kumene anasiya alongo ake. Kotero kuti thupi lake linkagona mudzi uno pamene ulemu wake unkagona mudzi wina, ndipo maliro akagwa kwawo, kapena mlandu ukabuka pakati pa adzukulu ake, ankanyamuka usiku womwewo osatsanzika bwino. Eni mudzi, poona zimenezi, ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Osakumbuka kuti madzi otererawo anamuthira ndi iwo omwe.

Mkazi anali ndi moyo wina. Pamene anabadwira ndi pomwe anavinidwira, ndi pomwe anakwatiwira, ndi pomwe anachirira ana ake, ndipo msitu wa manda umene ankauona popita kumadzi ndiwo umene anadziwa kuti adzagonamo pambali pa amake ndi agogo ake. Munthu wotere akamayang'ana dothi amaona zaka makumi. Mnzake uja akamayang'ana dothi lomwelo amaona dzinja limodzi, kapena awiri, malinga ndi mmene apongozi akumuonera.

Taonani zimenezi pa mtengo wa mango. Muyende m'midzi ya ku Dedza, ku Lilongwe kapena ku Zomba kumene chikamwini chidakalipo, ndipo mufunse amene anaoka mitengo ya zipatso imene yazinga nyumba. Kawirikawiri adzakutchulirani mayi kapena gogo wamkazi. Mkamwini sakonda kudzala chinthu chimene chidzabereka iye atapirikitsidwa kale, pakuti adziwa bwino kuti tsiku limene banja lidzatha adzamuuza kuti anyamule bulangete lake, ndipo mtengo sulowa m'thumba. Iye amalima fodya, chifukwa fodya amasanduka ndalama chaka chomwecho. Ndalamazo amagula njinga, wailesi, suti, kapena mbuzi zimene amakaziikiza kwa mlongo wake. Chuma chake chonse chimakhala cha miyendo kapena cha matayala. Akazi amati ameneyu ndi munthu wosaganiza za mawa. Ine ndiyesa kuti amaganiza za mawa koposa, koma mawa lake ndi la mlendo.

Pa mtima wogawanika kale umenewu ndi pamene atsamunda anadzasanjika msonkho. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston atakhazikitsa boma lake ku Zomba, nyumba iliyonse inayamba kulipira msonkho, ndipo msonkhowo unkafunidwa makamaka m'ndalama, zimene m'mudzi munalibe. Mwamuna anayenera kusankha pakati pa thangata la m'minda ya azungu, kumene malipiro anali ochepa ndi chipongwe chochuluka, ndi ulendo wa kunja. Ndipo ambiri anasankha ulendo, ena paokha wapansi, ena polembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya golide, ena ndi Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia. M'chaka cha 1935 komiti imene boma linaika, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiko kunena kuti oposa mmodzi pa amuna anayi alionse. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, anali mmodzi wa oyenda amenewa. Kamuzu Banda nayenso anatuluka m'dziko lino wapansi akali mnyamata, ndipo anakhala kunja zaka zoposa makumi anayi asanabwere kudzadzitcha nkhoswe ya amayi onse. Amene sanabwerere konse, anthu anawapatsa dzina lawo, machona. Ndipo midzi yathunthu inatsala m'manja mwa akazi, ana ndi nkhalamba.

Mibadwo itatu kapena inayi ya moyo wotere ndi sukulu yokwana kuumba maganizo a mtundu. Mwamuna anaphunzira kuwerenga nthawi ndi matikiti a ntchito ndi miyezi ya kontalakiti, naphunzira kuti chuma chimadza kamodzi, chambiri, kuchokera kutali, kwa munthu wolimba mtima amene sanaope kuoloka Zambezi. Mkazi anaphunzira kuwerenga nthawi ndi nkhokwe. Ndipo amene sanaonepo mayi akusuzumira m'nkhokwe mwezi wa Disembala sanaone masamu enieni a dziko lino: amakwera, nayang'ana pamene chimanga chalekeza, nalinga ndi pamene chinalekeza chaka chatha nyengo yomweyo, natsika osanena kanthu, koma kuyambira tsiku limenelo ufa woyera umasanduka mgaiwa, madeya amene ankapita kwa nkhuku amabwerera mumphika, mfutso wa nkhwani ndi khwanya umene anaumanga m'zikwatu nthawi ya masika umayamba kutsika patsindwi, ndipo nsima ya masana imasowa mwakachetechete, kotero kuti bambo amadzazindikira kuti m'nyumba muli njala patapita masabata kuchokera pamene mkazi wake anayamba kulimbana nayo.

N'chifukwa chake ndalama za fodya zikafika, m'nyumba mumamveka zinenero ziwiri. "Mayi a mwana," amatero bambo, "chaka chino tigule njinga yamoto, ndizichita kabaza, ikatha miyezi isanu ndi umodzi idzakhala itadzibweza yokha." Ndipo mayi, maso ali pansi monga mwa ulemu, amayankha kuti, "Ndamva, bambo. Koma nanga feteleza wa kumunda wa chimanga, nanga fizi ya mwana uja ali ku sekondale, nanga denga lija likudontha kuchipinda kwa ana?" Bambo amapita kubawo kukauza anzake kuti akazi nzeru zawo n'zazifupi, zimathera pamchere ndi sopo, mayi amapita kumjigo kukauza anzake kuti mwamuna ndi mwana, ukampatsa ndalama amafuna choseweretsa. Onsewo akunamizirana, pakuti winayo akuyang'ana chimene banja lingapate, mnzakeyo chimene banja lingataye, ndipo mutu umodzi susenza denga. Komabe ndisabise kumene ndapendekera: m'dziko limene mvula imanama chaka chimodzi pa zaka zingapo zilizonse, woopa kutaya ndiye amene wapulumutsa ana ambiri.

Umboni wake woposa wonse uli m'njala ya 1949, imene inakantha kwambiri madera a Blantyre. Patapita zaka zambiri, mayi wina wolemba mbiri, Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya kumeneko kufunsa amene anaiona njalayo ndi maso, ndipo buku lake linatuluka m'chaka cha 1987. Chimene anapeza n'chakuti amuna ndi akazi, ngakhale anagona ndi njala imodzi m'nyumba zimodzimodzi, anasunga mbiri ziwiri zosiyana. Amuna ankasimba za maulendo awo okasuma, za mitunda imene anayenda ndi zakudya zachilendo zimene anadya kuti akhale ndi moyo. Akazi ankasimba za maukwati amene anatha. Pakuti amuna ambiri amene anapita kwawo kapena kumadera akutali kukafuna chakudya sanabwerere msanga, ndipo ena anakwatira komweko kumene anapeza nsima, nasiya mkazi ndi ana akudikira thumba limene silinafike. Zambiri za izi akaziwo sanazinene poyankha mafunso, koma zinali m'nyimbo zawo za pamtondo, mmene anazisungira zaka zonsezo. Amuna aja sananame, pakuti ambiri anayendadi, nabwera ndi chakudya pamutu, napulumutsa mbumba za eni. Koma njala itafika pothina, chikamwini chinaonetsa msoko wake, ndipo mlendo anakumbuka kuti ali ndi kwawo, pamene mwini mudzi analibe kwina kothawira.

Wina adzati, nanga bwanji amuna a ku Mzimba, kumene kuli malowolo ndipo mkazi ndiye amene amapita kwa mwamuna, nawonso amatha moyenda, mwina koposa Achewa? Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake likuonetsa kuti ulendowo unabadwa ndi msonkho ndi umphawi, osati ndi chikamwini chokha. Koma muone kumene munthu wa ku Mzimba amaika chimene wapata ku South Africa: amamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pamudzi wa atate wake, chifukwa adziwa kuti palibe adzamutulutsamo, ndipo ana amene adzalowamo ndi a dzina lake. Kumeneko wogona ndi khutu limodzi panja ndi mkazi, amene amasamala kuti njira ya kwawo isamere udzu, popeza adziwa zimene zimaonekera amasiye ena mwamuna akatsikira kulichete. Chimodzimodzi mkazi wa Chichewa amene watengedwa chitengwa: sipapita nthawi, amayamba kuchita zambiri za zija tinkati n'za amuna, kuikiza mbuzi kwa amake ndi kubisa kandalama kumene mwamuna sangakaone.

Sindikunena kuti kusiyana konse n'kopangidwa ndi anthu. Pali khomo limodzi limene mwamuna sanalowepo ndipo sadzalowapo, ndilo la chikuta. Ndipo munthu amene wasenza mnzake m'mimba miyezi isanu ndi inayi, nayandikira kumanda pomubereka, namuyamwitsa usiku pamene mudzi wonse uli mtulo, sangayang'ane mwana wodwala ndi maso amodzimodzi ndi munthu amene anangouzidwa ali panja kuti kwabadwa mlendo. Buku la Genesis limagawa zowawa pawiri, kubala kwa mkazi ndi thukuta la m'munda kwa mwamuna; koma aliyense amene wadutsa m'minda yathu mwezi wa Novembala waona kuti ana aakazi a Hava a kuno anasenza magawo onse awiri, khasu m'manja, mwana kumsana. Ndipo nthano ya makolo athu ya pa Kaphirintiwa imati mwamuna ndi mkazi anatsika pamodzi ndi khasu, mtondo ndi lichero, nakhala mwamtendere ndi Chauta ndi nyama zonse, kufikira tsiku limene mwamuna, poseweretsa timitengo tiwiri, anapeka moto umene unatentha tchire, nuthawitsa nyama, nukweza Chauta kumwamba. Amene anapeka nthano imeneyi ankawadziwa amuna awo. Anadziwanso kuti popanda kusewera koopsako, bwenzi mpaka lero tikudya zosaphika.

Chokhacho chimene ndikana ndicho kutenga kusiyana kumeneku n'kukusandutsa muyeso wa nzeru, monga amachitira amene amati ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Ngoloyonso ndi ya dzulodzulo. Kalonga sankalowa ufumu popanda magazi a Nyangu. Mvula ya Achewa inkapemphedwa kudzera mwa Makewana ku Msinja. Ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona ankasungidwa ndi mkazi wotchedwa Salima. Anthu amene anaika mvula yawo m'manja mwa mkazi sakanatha kumuyesa wopepuka mutu.

Pali kusiyana kwina kumene ndikuona kuti n'kolemera koposa zonsezi, ngakhale sikutchulidwa kawirikawiri, ndiko kwa pakamwa. Mkazi wa kwathu sanasowepo potulira nkhawa. Pamtondo ankatha kudzudzula mwamuna wake, apongozi ake ndi mkazi mnzake m'nyimbo, mudzi wonse ukumva, popanda womuimba mlandu, pakuti nyimbo ilibe mwini. Ndipo chigayo chitalanda ntchito ya mtondo, kudandaulako kunangosamukira kumjigo, ku Chigwirizano, ku Mvano ndi kubanki m'khonde, kumene amayi amawerengera limodzi ndalama ndi mavuto. Pamaliro iye amalowa m'nyumba ya siwa, nalira mokweza mawu, natchula womwalirayo ndi akufa ake onse akale, anzake atamugwira. Mwamuna amakhala panja pansi pa mtengo, chipewa chili pabondo, akunong'onezana ndi anzake za bokosi ndi za adzukulu okumba manda. Pakuti anamuuza akali wamng'ono, tsiku lija anagwa napweteka bondo, kuti mwamuna salira, ndipo atakula anamuonjezera kuti mwamuna sauzidwa. Zoona, amuna ali nawo malo awo; za kudambwe sitinena pano, ndipo pabawo ndi pampira pamakhala phokoso lokwanira; koma kumeneko amakamba za ndale, za mitengo ya feteleza ndi za zigoli, zonse kupatula chimene chikuwadya. Ngongole ya katapila ikamukulira, kapena mbewu zikapsa m'munda wa ngongole, munthu amene anaphunzitsidwa kuti ulemu wake wonse uli pa kubwera ndi kanthu m'manja amasowa mawu onenera kuti wabwera chimanjamanja. Ndipo malipoti a apolisi a dziko lino, chaka ndi chaka, amasonyeza kuti ochuluka kwambiri mwa anthu odzipha ndi amuna. Apa sindiona chilengedwe. Ndiona chiphunzitso, ndipo ochiphunzitsa ndife tonse, amayi omwe, pakuti mawu aja akuti usalire ngati mkazi amatuluka kawirikawiri pakamwa pa mkazi.

Njira ya kumigodi inatsekeka mwadzidzidzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa. Koma mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambanso pang'ono patapita zaka zingapo, pansi pa dzina la Theba, nidzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Dzina lokha ndilo linatsala pa depoti ya mabasi ya Wenela mu mzinda wa Blantyre. Ndipo amene aimirira pamenepo m'mawa, kapena pachipata cha Mwanza, cha Dedza kapena cha Songwe, adzaona kuti mwa onyamula zikwama zazikulu kupita ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, ambiri tsopano ndi amayi, ena okaoda katundu wa geni, ena okagwira ntchito m'nyumba za eni kwa zaka. Amayi amenewa amalankhula za mpamba, za phindu ndi za mtengo wa randi, amalimba mtima pamaso pa asilikali a pachipata, ndipo akabwera amafuna kugula chinthu chachikulu chooneka ndi maso. Kunyumba kwatsala bambo, amene tsopano adziwa mtengo wa sopo ndi tsiku limene ufa udzatha. Ndipo ankhoswe a masiku ano ayamba kumva milandu imene atsibweni awo sanaimvepo, mwamuna atakhala pamphasa, akudandaula kuti mayi a kunyumba apita mwezi wachitatu uno osatumiza kanthu, foni sakuyankha, ndipo anthu obwera kuchokera komweko akunena zina.